Tifunseni: Za Mfuti Zakale za M'manja

Funso: Agogo anga aamuna anali msilikali, ndipo atamwalira anasiya volovolo yolembedwa kuti Webley Mark VI, yokhala ndi chaka cha 1917 pambali pake. Za chilolezo ndinalongosola kale, mfutiyo ili m'dzina langa. Vuto ndi lakuti inada ndipo ili ndi madontho a dzimbiri, choncho mnzanga akundilangiza kuti ndiipale ndi sandipepa, ndikaipakitse mwatsopano, kuti ogula akaione ikuwala. Kodi ndimumvere? *Bambo wina, mdzukulu wa msilikali*

Yankho: Bambo, mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma mukamumvera mudzawononga masana amodzi okha chinthu chimene chapulumuka kwa zaka zoposa 100. Chimene osonkhanitsa mfuti zakale amalipirira ndalama zawo ndi umboni woti chitsulo chili m'manja mwawocho ndi chomwe chinatuluka m'fakitale, ndipo umboniwo uli pamwamba penipeni, pamene sandipepa amayambira kudya.

Mutatsimikiza kaye kuti mulibe chipolopolo, pitani nayo pawindo muiyang'anitsitse. Webley Mark VI, imene asilikali a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1915, inkapangidwa ku Birmingham ndi kampani ya Webley & Scott, ndipo imatseguka ngati yathyoka pakati, mpope wake n'kuweramira pansi, kachitsulo kooneka ngati nyenyezi n'kukankhira kunja makoko onse 6 a zipolopolo nthawi imodzi. Ngati inalidi ya asilikali, pathupi pake mupezapo timizere titatu tokumana ngati mutu wa muvi, chimene chinali chizindikiro cha katundu wa boma la Britain, komanso tizidindo ta chisoti chachifumu ndi manambala, tosonyeza kuti oyendera anaiona ndi kuivomereza. Tizidindo timeneti n'tosazama. Mukapala, timafufutika, ngodya zakuthwa za chitsulo zimasanduka zobulungira, ndipo munthu wodziwa amazindikira zimenezi pongoyendetsa chala, asanavale n'komwe magalasi. Mtundu wakuda umene fakitale inaika pachitsulocho si penti ayi, koma dzimbiri lakuda lopyapyala lopangidwa dala ndi mankhwala kuti liteteze chitsulo, ndipo ngakhale litatsala pang'ono pokha m'makona, lili ndi mtengo woposa latsopano lonyezimira.

Chofunika kulimbana nacho ndi dzimbiri lofiira lija, lokhakhala mukalikhudza, chifukwa limenelo likadali kudya. Pakanipo mafuta opepuka a mfuti, muisiye igone, m'mawa mupukute ndi nsalu yofewa ya thonje, ndipo mubwereze kangapo mosathamanga. Kumene chitsulo chasanduka chakhofi koma chili chosalala, kusiyeni momwemo. Musayese kumasula masikuluwu ndi chomasulira chosakwana bwino, popeza mitu yake ikatafunika imaulula kuti mfutiyo inadutsa m'manja mwa munthu wosadziwa. Musaisungenso m'chikwama chake chachikopa, ngakhale chili cha agogo: chikopa chimasunga chinyezi, ndipo mankhwala ena ofufutira zikopa amawononga chitsulo. Chikwamacho chisungeni pachokha mosamala, pakuti nacho ndi mbali ya mbiri yomweyo. Mfuti ikhale pouma, m'bokosi lachitsulo lokiya, zipolopolo zikhale kwina kokiyanso.

Pali chinthu chimodzi chokhudza Webley chimene muyenera kuchiona musanatchule mtengo kwa aliyense. Mfutiyi inapangidwira chipolopolo cha .455, koma zambiri zimene zinagulitsidwa ku America nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha zinasemedwa kumbuyo kwa chigubu chozungulira, momwe mumalowa zipolopolo, kuti zizilandira zipolopolo za .45 ACP, zimene kumeneko zinkapezeka mosavuta. Yosemedwa imadziwika ndi nambala ya m'mphepete mwa chigubu, imene imaoneka yodulidwa. Mtengo wake umatsika, komanso ndi yoopsa, chifukwa zipolopolo za .45 ACP za m'sitolo zili ndi mphamvu yoposa imene Webley inapangidwira. Kaya ndi yosemedwa kaya ayi, musaiwombe mmisiri wa mfuti wovomerezeka asanaiyeze.

Ndipo ngati m'banja mwanu muli chithunzi cha agogowo ali mu yunifolomu, kabuku kawo ka usilikali kapena kalata ina iliyonse, zisonkhanitseni pamodzi. Kunena zoona, mukaziona zonsezo zili patebulo limodzi, mwina mudzafuna kuganizanso ngati n'koyeneradi kugulitsa.

Funso: Ndakhala ndikuwombera chandamale ku kalabu kwa zaka zingapo, ndipo tsopano ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa mapisitolo a m'mbiri. Mtima wanga wagawikana pakati pa Luger ya ku Germany ndi Colt 1911 ya ku America. Ndiyambe ndi iti? *Mayi wokonda mbiri yakale*

Yankho: Mayi, mwasankha ziwiri zimene zimasonyeza bwino kusiyana kwa maganizo a amisiri pamene mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo zinali zachilendo. Zonse zinatheka chifukwa cha wonga wosafuka utsi umene Paul Vieille anapanga ku France mu 1884, pakuti wonga wakuda wakale unkasiya mwaye wambiri wotsekereza tizitsulo toyenda. Georg Luger anakonza bwino pisitolo yoyambirira ya Hugo Borchardt, dziko la Switzerland linailandira mu 1900, ndipo asilikali apamtunda a Germany anaitenga mu 1908, n'chifukwa chake imatchedwanso P08. Pamwamba pake pali kachitsulo kopinda ngati bondo, kamene kamatumphukira m'mwamba ikawomba, ndipo chipolopolo chake cha 9mm ndi chimene mpaka lero apolisi ndi asilikali a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito. Ya 1911 inapangidwa ndi John Moses Browning, imatenga zipolopolo 7 za .45, ndipo inakhala pisitolo ya asilikali a America kuyambira 1911 mpaka 1985, pamene pisitolo ya Beretta inalowa m'malo mwake.

Ine ndikanati muyambe ndi 1911, ndipo chifukwa chake ndi manambala. Luger inkalumikizidwa ndi manja, kachitsulo kalikonse kakupalidwa kuti kakwane pa mfuti imodzi yokhayo, motero amisiri ankadinda manambala awiri omalizira a mfutiyo pa tizitsulo tating'onoting'ono tambiri, mpaka kabokosi ka zipolopolo kankakhala ndi nambala yake. Luger imene manambala ake onse akugwirizana imaposa kutali mtengo wa inzake yokhala ndi kachitsulo kamodzi kobwereka, ndipo pamene pali kusiyana kwa mtengo kotero, anthu achinyengo sasowapo. Amafufuta nambala yakale n'kudinda yatsopano. Kuti muwagwire muyenera kudziwa kaumbidwe ka manambala a fakitale iliyonse, kaya ndi DWM, Erfurt, Simson, Krieghoff kapena Mauser, imene nthawi zina inkabisa dzina lake polemba S/42 kapena byf. Muyeneranso kudziwa kuti Luger za asilikali zinkawerengedwa m'magulu a 10,000, gulu lililonse likusiyanitsidwa ndi kachilembo kakang'ono kolembedwa pansi pa nambala, kotero nambala yokha popanda kachilemboko, chaka ndi fakitale sikuuzani kuti mfutiyo ndi iti. Pa Luger zakale, tizitsulo tina monga kokokera ndi chala tinkatenthedwa mpaka kukhala ndi mtundu wa udzu wouma, ndipo ngakhale mtundu umenewu pali amene amaubwezeretsa mwachinyengo. Luso lozindikira zonsezi limabwera munthu atagwira Luger zambiri, ndipo woyamba kumene amakonda kuliphunzira ndalama zitapita kale.

Pa 1911 njira ndi yotakasuka. M'nkhondo yachiwiri kampani ya Colt sinakwanitse yokha, choncho boma la America linapereka ntchitoyo kwa Remington Rand, yopanga makina otayipira, kwa Ithaca, kwa Union Switch & Signal, yopanga zizindikiro za panjanji, ndiponso kwa Singer, yomwe ija ya makina osokera. Remington Rand inapanga zambiri kuposa Colt mwiniwake, n'chifukwa chake zimapezekabe ndipo munthu angathe kufanizira zingapo asanagule. Singer inapanga 500 zokha. Wina akakuonetsani ya Singer pamtengo wofewa, muganize kaye kuti ndi yabodza kufikira katswiri atatsimikiza. Dziwaninso kuti zambiri za 1911 zinabwezedwa kumalo okonzera zida za boma, kumene ankaziphwasula n'kuzimanganso mosayang'ana kuti chitsulo ichi chinachokera kuti, motero kupeza thupi la Colt litavala chapamwamba cha Ithaca si chinyengo mwa icho chokha. Ndi mbiri yeniyeni ya mfutiyo, malinga wogulitsa anene poyera ndipo mtengo ugwirizane nazo.

Musanagule iliyonse, gulani mabuku a mfuti imene mwasankhayo, ndipo ngati mungathe, kaoneni zenizeni m'nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Royal Armouries ku Leeds kapena Cody Firearms Museum ku Wyoming. Kampani ya Colt ili ndi nthambi yosunga kaundula wakale, imene pamalipiro imalemba kalata yonena tsiku limene mfuti inatuluka m'fakitale ndi kumene inatumizidwa. Dzisankhireni malire, monga mapisitolo a nkhondo imodzi kapena ntchito za mmisiri mmodzi. Wotsata Browning, mwachitsanzo, adzafika pa pisitolo ya Hi-Power ya mu 1935, imene Dieudonné Saive anaimaliza ku Belgium Browning atamwalira mu 1926, ndipo inagwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse ziwiri za nkhondo yachiwiri, ina ikupangidwa ku Herstal, ku Belgium komweko, pansi pa ulamuliro wa Germany, ina ku Toronto, m'dziko la Canada.

Funso: Kodi mfuti za masiku ano, monga Glock, zingadzakhale ndi mtengo kwa osonkhanitsa, kapena ndi zogwiritsa ntchito basi? *Wowerenga wachinyamata*

Yankho: Zina zayamba kale. Glock 17 inalandiridwa ndi asilikali a Austria mu 1982, ndipo ngakhale siinali yoyamba kukhala ndi thupi lapulasitiki, popeza VP70 ya Heckler & Koch inatuluka mu 1970, ndi imene inachititsa kuti mafakitale ena ambiri atsatire njira imeneyo. Za m'badwo woyamba, makamaka zimene zidakali ndi bokosi lake ndi timabuku take, zikufunidwa ndithu. Koma musagule mfuti yatsopano poyembekezera phindu, chifukwa chimene chimakweza mtengo ndi kusowa, ndipo fakitale ingathe kuthetsa kusowako tsiku lililonse. Colt Python, volovolo yotchuka ya mu 1955, inasiya kupangidwa mu 2005, mitengo yake n'kukwera kwambiri, koma mu 2020 Colt inayambiranso kuipanga. Gulani imene ikukukwanani m'dzanja ndipo mukuikonda, ndipo bokosi lake musataye.

Funso: Ine ndi mnzanga tikufuna kusinthana: iye andipatse Smith & Wesson Model 10, ine ndimupatse Walther PP. Popeza palibe ndalama imene ikudutsa pakati pathu ndipo zonse ndi zakale, kodi mpofunikabe kupita kwa aboma? *Bambo wa zaka zopuma pantchito*

Yankho: Inde Bambo, mpofunika, ndipo muyambire kumeneko musanapatsane kanthu. M'mayiko amene mfuti zimalembedwa m'kaundula, chilolezo chimamangiriza munthu ku mfuti inayake yokhala ndi nambala yake, kotero kusinthana, kupatsana mphatso ngakhale kulandira ya chimasiye, zonsezo ndi kusamutsa umwini mofanana ndi kugulitsa. Mukangopatsana pakhonde, aliyense wa inu angapezeke akusunga mfuti yopanda chilolezo, pamene ya m'dzina lake ili m'nyumba ya munthu wina.

Ukale wa mfuti usakupusitseni, chifukwa dziko lililonse limautanthauzira mwa njira yake. Ku United States, lamulo la dziko lonse limati mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ndi yamakedzana, ndipo yopitirira zaka 50 ingalowe m'gulu limene osonkhanitsa okhala ndi laisensi yapadera amagulitsana, komabe maboma a zigawo ali ndi malamulo awoawo owonjezera. Ku Britain, ana 16 ndi mphunzitsi wawo ataphedwa pasukulu ku Dunblane mu 1996, malamulo a mu 1997 analetsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zambiri za m'manja. Mu 2021 dzikolo linakhwimitsanso za mfuti zamakedzana: yoyenera dzinalo iyenera kukhala yopangidwa pasanafike pa 1 September 1939, ndipo mitundu 7 ya zipolopolo, kuphatikizapo .44 Russian, inachotsedwa pamndandanda wa zotha ntchito chifukwa zigawenga zinayamba kugwiritsa ntchito mfuti zoterozo. Anthu amene dzulo lake ankasunga mavolovolo amenewo momasuka anayenera kufuna chilolezo kapena kuwapereka. Model 10 ndi Walther PP zanuzo, ngakhale mitundu yake inayamba mu 1899 ndi mu 1929, zimatenga zipolopolo zimene zikugulitsidwabe, choncho musayembekezere kuti ofesi iliyonse iziona ngati zokongoletsera m'nyumba. Zimene mumawerenga pa intaneti nthawi zambiri zimanena za malamulo a ku America. Inu funsani ofesi yopereka zilolezo m'dziko limene mukukhala, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Aboma akavomera, onani chilolezo cha mnzanuyo ndi maso anu, mufanize nambala ya papepala ndi ya pachitsulo, ndipo mukapeza kuti nambala inapalidwa kapena kudindidwanso, lekani pomwepo mukadziwitse apolisi. Lembani pangano lokhala ndi mtundu wa mfuti iliyonse, nambala yake, mmene ilili ndi zilema zake zonse, aliyense asainire ndi kusunga lake, ndipo mugwirizane masiku angapo oti mmisiri ayeze zonse ziwiri kusinthanako kusanatsekedwe. Ngati mukudziwa kuti kunyumba kwa mnzanuyo kulibe bokosi lokiya pamene kuli ana, kapena kuli munthu amene akuvutika maganizo, muuzeni mosabisa kuti kusinthanako kudikire mpaka zimenezo zitakonzedwa.