Za Harry Wright ndi abale ake, kuyankha funso la achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati Harry Wright ndi George Wright anali pachibale, komanso chifukwa chake munthu wobadwira ku England amatchedwa tate wa baseball yolipidwa ku America. Anali a bere limodzi, Harry ndiye wamkulu. Yankho la funso lachiwirilo likupezekanso m'banja lomwelo.

Harry anabadwa pa 10 Januwale 1835 ku Sheffield. Bambo ake, a Samuel Wright, ankadya za cricket. Banja litasamukira ku New York, Harry akadali wamng'ono, iwo analembedwa ntchito ndi St George's Cricket Club. Ntchito yotereyi siinali kusewera kokha. Unkaponyera mpira mamembala a kalabu akamakonzekera, kuwaphunzitsa, kusamalira bwalo ndi zipangizo. Harry anakulira pamenepo akuthandiza bambo ake, ndiye kwa iye kulandira malipiro chifukwa cha masewero sichinali chinthu chamanyazi. Anzake a baseball a nthawiyo ankaona mosiyana. Malamulo awo ankaletsa kulipira osewera, ngakhale matimu ena ankapereka ndalama mwamseri kapena kumupezera wosewera kantchito ka dzina lokha.

Baseball anaiyamba ndi timu ya Knickerbocker ya ku New York cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1850. Mu 1865 anapita ku Cincinnati, osati kukasewera baseball, koma kukagwira ntchito ngati ya bambo ake ku Union Cricket Club. Ali komweko anaona kuti anthu akukhamukira ku baseball, iyenso n'kutembenukira komweko.

Chaka chofunika ndi 1869. Lamulo loletsa malipiro litachotsedwa, Harry anasonkhanitsa amuna khumi, onse pa malipiro oonekera, kuyambira Malichi mpaka Novembala. Timuyo ndi Cincinnati Red Stockings, dzina lochokera ku sokosi zofiira zazitali zimene ankavala ndi mathalauza olekezera m'mawondo. Mwa khumiwo, wa ku Cincinnati anali mmodzi yekha, Charlie Gould. Ena onse anawatenga kwina. Harry ankalandira madola 1,200, woponya mpira Asa Brainard 1,100, ambiri 800. Wolandira kwambiri anali mng'ono wake George, madola 1,400. Wina angaganize kuti apa panali kukondera, koma ayi. George, wobadwa mu 1847 ku New York, anali shortstop (wowakha mpira woima pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu) woposa onse nthawi imeneyo, ndipo chaka chimenecho anamenya ma home run 49 (kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse ulendo umodzi).

Ntchito ya Harry payokha inali yochuluka zedi. Ankasewera pakati pa bwalo la kunja, ankalowa kuponya mpira Brainard akatopa, ankalemba makalata opangana masewero, kukonza za sitima ndi malo ogona, kulandira gawo la ndalama za pakhomo. Kumbukirani kuti nthawiyo ankawakha mpira ndi manja opanda magolovesi, choncho kugwetsa mpira kunali kosalekeza. Mankhwala ake anali kukonzekera tsiku ndi tsiku ndi dongosolo: wina akamaponyeredwa mpira, mnzake aime kumbuyo kwake kuti ukamuphonya usapite patali, osewera a kunja asunthe malingana ndi mbali imene womenyayo amakonda, mpira ukakwera m'mwamba, mmodzi aitane kuti ndi wake, awiri asagundane. Lero izi zimaoneka zachizolowezi, koma timu imene inkazichita mosadukiza inkasiya anzake kutali. Mu 1869 anapambana masewero 57 osagonja ngakhale kamodzi, ndipo anafika mpaka ku San Francisco pa njanji yodutsa dziko lonse imene inali itangotha kumangidwa chaka chomwecho.

Anagonja koyamba pa 14 Juni 1870 ku Brooklyn, kwa Atlantics. Ma inning (zigawo za masewero) asanu ndi anayi atatha anafanana mphamvu 5 kwa 5. Atlantics anali okonzeka kuti zithere pomwepo, koma Harry anafuna kuti apitirize. Mu inning ya 11 Cincinnati inapeza ziwiri, Atlantics n'kupeza zitatu, zinatha 8 kwa 7. Chimene chinagwetsa timuyo ndi chakuti anthu a ku Cincinnati ankalipira kudzaona timu yosagonja. Itayamba kugonja apo ndi apo oonerera anachepa, pamene matimu ena ankakopa osewera ndi ndalama zambiri. Mu Novembala 1870 akuluakulu a kalabu anati sadzalembanso osewera olipidwa.

Harry anapita ku Boston mu 1871, natenga George, dzina la Red Stockings ndi sokosi zomwe. Kumeneko anatenga ligi ya National Association zaka zinayi zotsatizana, 1872 mpaka 1875, ndipo chaka chomalizacho anapambana 71 n'kugonja 8 okha. Mu 1874 anatengera timu yake ndi ya Athletics ya ku Philadelphia ku England, dziko lobadwira, kukaonetsa baseball, koma anthu kumeneko sanatengeke nayo ndipo ulendowo unadya ndalama. Mu ligi yatsopano ya National League anapambananso mu 1877 ndi 1878.

Chaka chimene chimandikhudza ndi 1879. George anachoka kukatsogolera timu ya ku Providence, natenga ligi, Boston ya mkulu wake n'kukhala yachiwiri. Panalinso mng'ono wina, Sam, wa shortstop ngati George, amene anasewera pang'ono ku New Haven, Boston ndi Cincinnati, koma kumenya mpira kunkamuvuta.

Abale awiriwa anathera mosiyana. George anatsegula bizinesi ya zipangizo za masewero, Wright & Ditson, nalemera, nakhala ndi moyo mpaka 1937 ali ndi zaka 90. Mwana wake Beals Wright anapata mendulo zagolide za tennis pa Olympics ya 1904 ku St. Louis ndipo anali katswiri wa America mu 1905. Harry anakhalabe pa bwalo: Providence mu 1882 ndi 1883, kenako Philadelphia kuyambira 1884 mpaka 1893, osatenganso ligi. Mu 1890 maso ake anasiya kuona kwa kanthawi, mu 1892 mkazi wake Carrie anamwalira. Philadelphia itamusiya, ligi inamupatsa udindo woyang'anira oimbira masewero. Anamwalira pa 3 Okutobala 1895 ku Atlantic City, naikidwa ku manda a West Laurel Hill pafupi ndi Philadelphia. Pa 13 Epulo 1896 matimu anasewera m'mizinda yosiyanasiyana kusonkha ndalama za chipilala chake. Mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball, George analowa mu 1937, Harry mu 1953.