Funsani Dokotala: Kodi mafuta a m'katemera wa mRNA amasintha majini?

Funso: Adokotala, ndinabayitsa katemera wa Covid-19 wa Pfizer, ndipo mkono unandipweteka masiku angapo. Alamu anga akuti m'katemerayu muli mafuta okhala ndi magetsi, amene amalowa m'maselo n'kukasintha majini a munthu. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, za mafutazo alamu anu anena zoona, koma za majini aphonya.

Katemerayu amanyamula mRNA, uthenga wouza selo kuti lipange puloteni ya spike, yomwe imakhala kunja kwa kachilombo ka Covid-19, kuti chitetezo cha m'thupi chidzazindikire kachilombo kakadzabwera. Koma mRNA ikabayidwa yokha sipita patali. M'thupi muli ma enzyme, mapuloteni ogaya zinthu, oiphwanya msangamsanga. Komanso ili ndi mphamvu yamagetsi ya negative, monga momwe lilili khungu la selo, ndiye ziwirizi zimakankhana. Pafunika chonyamulira.

M'zaka za m'ma 1960, Alec Bangham wa ku Babraham pafupi ndi Cambridge anaona kuti mafuta a phospholipid, omwe amapanga khungu la selo, akakhala m'madzi amadzikulunga okha n'kukhala timipira tokhala ndi madzi m'kati, ngati thovu la sopo. Timipirati ndi timene timati ma liposome. Mu 1987, Philip Felgner ndi anzake ku California anapanga mafuta otchedwa DOTMA okhala ndi mphamvu ya positive. Mafutawa amakoka DNA, yomwe imasunga majini, kuikulunga, n'kumamatira pa khungu la selo. M'mbale za mu labotale zinkayenda bwino kwambiri. M'thupi lamoyo ndiye panali vuto, chifukwa mafuta amene ali positive nthawi zonse amamatirira chilichonse m'magazi, kuwononga maselo ndi kuyambitsa kutupa.

Apa ndi pamene ndimagoma nawo akatswiri, makamaka gulu la Pieter Cullis ku Vancouver. Anakonza mafuta amene m'magazi amayenda opanda mphamvu yamagetsi. Selo likameza kampirako, kamalowa m'kathumba kokhala ndi asidi, ndipo m'menemo ndi momwe mafutawo amasanduka positive, n'kuboola kathumbako, mRNA n'kutuluka. Mu katemera wa Pfizer mafutawa ndi ALC-0315, mu wa Moderna ndi SM-102, ndipo amawasakaniza ndi cholesterol, phospholipid yotchedwa DSPC ndi mafuta ena okhala ndi PEG, mankhwala othandiza kuti timipirato tisamatirane. Kampira kamodzi kamakula pafupifupi ma nanomita 100, kochepa kwambiri moti sikangaoneke ndi maso. Njirayi sinayambe ndi Covid-19: mu 2018 dziko la America linavomereza Onpattro, mankhwala onyamulidwa chimodzimodzi a matenda ena otengera kumtundu.

Ndipotu ma liposome si achilendo kwathu kuno. Liposomal amphotericin B, yochizira cryptococcal meningitis, matenda otupitsa khungu lokuta ubongo, mwa anthu omwe ali ndi HIV, inayesedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe m'kafukufuku wa AMBITION, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linailimbikitsa mu 2022. Kungoti iyoyo imanyamula mankhwala, osati uthenga wa majini.

Tsono za majini. DNA yanu imasungidwa pakati pa selo, mu nucleus, momwe ndi motchingidwa. mRNA ya katemera siilowamo. Imagwira ntchito kunja kwake, kenako selo limaiphwanya monga limachitira ndi mRNA yake tsiku ndi tsiku. Mwana amene mungadzabereke sangatengere chilichonse cha katemerayu m'majini ake.

Mkono unakupwetekani chifukwa chitetezo cha m'thupi chinadzuka, ndipo mafutawa ali ndi mbali yawo pochidzutsa. Zimenezo zimatha zokha. Zimene sindifuna muzinyalanyaze ndi izi: anthu ochepa kwambiri thupi lawo limadana ndi PEG, ndipo amatupa milomo kapena kubanika atangobayidwa, n'chifukwa chake anamwino amati mukhale kaye pa benchi mphindi 15. Ngati zotere zinakuchitikiranipo, muwauze asanakubayeni wina. Ndipo ngati muli ndi mnyamata pakhomo amene wayamba kumva kupweteka pachifuwa kapena mtima kugunda mosalongosoka m'masiku oyamba atabayitsa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.