Bambo anga anagwira mgodi wa asibesitosi ku Joni, kodi chipukutamisozi chilipo?

FUNSO

Adokotala, ndine mayi wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Bambo anga anapita ku Joni pa selefu ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, ndipo anagwira ntchito pa mgodi wina wa asibesitosi kufupi ndi Kuruman. Iwo amati ntchito yawo inali yolongedza m'matumba, ndipo fumbi lake linali labuluu, lomata m'tsitsi ndi m'malaya ngati thonje. Pano akalamba. Akutsokomola chifuwa chouma, ndipo kungochoka pakhonde kutsikira kudimba phuma limawagwira mpaka akhale kaye pansi. Anamwapo mankhwala a TB mpaka kumaliza koma sizinasinthe, ndipo makhololo atawayezanso anati mulibe kanthu. Tsono kuno kwabwera anthu akulemba mayina a omwe anapita ku migodi, akuti tilipire ya fomu kuti ndalama za ku Joni zituluke. Kodi tilipire? Chinanso, mlongo wanga ndi kalipentala. Wagula malata akale a asibesitosi omwe anaphwasula pa nyumba ina, ndipo akuwadula ndi galayinda kuti afolere khitchini. Bambo akamuona amakalipa kwambiri. Kodi akulondola kapena ndi mantha a ukalamba chabe?

Nachisale, Lizulu

YANKHO

A Nachisale, zikomo polemba, ndipo pepani ndi matenda a bambo. Ndiyambe ndi alongo anuwo, chifukwa zawo ndi zomwe tingaziletse lero lomwe. Bambo akulondola. Galayinda imeneyo aiike pansi.

Asibesitosi ndi mwala womwe umanyenyeka n'kukhala tiulusi tating'ono kwambiri, toti maso sangatione. Pa lata, tiulusito tinamangidwa ndi simenti, ndipo lata likakhala lathunthu padenga, losasweka, silivuta kwenikweni. Vuto limayamba mukalidula, kuliboola, kulipala ndi bulashi yawaya kapena kuliphwanya. Fumbi loyera lomwe limafuka pa galayinda lija ladzaza ndi tiulusi timeneti. Munthu akatipuma timakakhazikika mkati mwa mapapo ndi pa kachikopa kokuta mapapo, ndipo thupi silitha kutisungunula kapena kutitulutsa. Lero munthu samva kanthu, chaka chamawa samva kanthu. Matenda amadzatulukira patatha zaka 20, 30, ngakhale 40. N'chifukwa chake anyamata amati madala akungokokomeza, pomwe madalawo anaona anzawo akutha mmodzimmodzi.

Matenda ake akuluakulu ndi atatu. Pali asbestosis, pomwe mapapo amachita zipsera n'kuuma, mpweya osalowa bwino. Pali khansa ya m'mapapo. Ndiye pali mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo, yomwe kawirikawiri imadzaza madzi m'chifuwa ndipo imapha msanga. Iyi imagwira ngakhale munthu amene sanalowepo mu mgodi. Ku Kuruman ndi Prieska komweko amayi ena anadwala chifukwa chokutumula ndi kuchapa maovolosi a amuna awo, ana ena chifukwa chosewera pa milu ya zinyalala za mgodi. Ndikamaganiza za alamu anu akuchapa malaya a kalipentalayo, ndi ana akuthamanga pabwalo lomwe fumbi lagwera, mtima sukhala m'malo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbili kuntchito. Dziko la South Africa, lomwe nalonso linkakumba mwalawu, linauletsa mu 2008.

Tsono malata agulidwa kalewo atani nawo? Asawadulenso. Fumbi lili pansilo asasese louma. Alinyowetse, alikokolole ndi fosholo, alimange m'mapepala apulasitiki olimba pamodzi ndi zidutswa zonse. Zovala zomwe amadulira asalowe nazo m'nyumba. Kansalu komanga kumphuno kaja, ngakhale masiki omwe tinkavala nthawi ya Covid, sikatchinga tiulusiti. Pamafunika masiki olembedwa FFP3 kapena P3, okhala bwino pankhope. Za kotaya, afunse a zaumoyo kapena a zachilengedwe ku khonsolo. Ndaonapo zidutswa za malata amenewa atafolera khola la nkhunda, ena atayalapo mbatata, ena atakwirira nazo dzenje pakhomo pomwe ngolo imazipondaponda tsiku ndi tsiku. Zonsezo n'kudzisungira matenda pakhomo. Khitchiniyo aifolere ndi malata achitsulo kapena udzu.

Za bambo tsopano. Sindingawayeze kudzera m'kalata, koma zomwe mwafotokozazi zikufuna kujambula chifuwa. TB ndi asbestosis zimafanana pa kutsokomola ndi kubanika, ndipo kuno kwathu TB ndi yochuluka, choncho ndi yomwe imayamba kubwera m'maganizo. Dokotala sangaganize za asibesitosi ngati simunamuuze. Pitani nawo ku chipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo musanayambe za chifuwa nenani mawu awa: bambowa anagwira ntchito pa mgodi wa asibesitosi, zaka zakutizakuti. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'kabuku kawo kakuchipatala, awajambule, ndipo ngati pakufunika, awatumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukaonana ndi akatswiri. Zipsera za m'mapapo sizichira, ndisakunamizeni. Koma pali thandizo lochepetsa kubanika, ndipo chibayo chikagwidwa msanga munthu amakhalabe ndi mphamvu. Ngati amasuta chingambwe, asiye, chifukwa fodya ndi asibesitosi zikakumana ngozi ya khansa ya m'mapapo imakwera kwambiri. Utsi wa nkhuni m'khitchini nawonso aziutalikira.

Kodi chipukutamisozi chilipo? Njira zilipo, koma zonse zimayenda ndi mapepala.

Ku South Africa kuli lamulo la 1973 la matenda a m'migodi, lomwe amalitchula mwachidule kuti ODMWA. Limakhudza aliyense amene anagwira ntchito m'migodi yolembedwa m'kaundula wa kumeneko, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo. Ofesi yotchedwa MBOD ku Johannesburg ndi yomwe imaunika zithunzi ndi zotsatira za kuchipatala n'kutsimikiza ngati matendawo anachokera mu mgodi komanso kukula kwake, kenako ofesi ya CCOD ndiyo imalipira. Zimachedwa, ambiri adandaulapo, koma ndi njira yeniyeni.

Palinso ndalama zomwe zinabwera chifukwa anthu anasumira makampani. Anthu pafupifupi 7,500 anasumira kampani ya Cape plc ku London, ndipo mu 2000 khoti lalikulu la kumeneko linavomera kuti mlanduwo uzengedwe ku Britain. Mu 2003 anagwirizana za mapaundi 7.5 miliyoni, zomwe zinali za omwe anali pa mndandanda wa mlanduwo. Chaka chomwecho cha 2003, makampani a Gencor, Gefco ndi Msauli anavomera kulipira, ndipo panakhazikitsidwa thumba la Asbestos Relief Trust. Mu 2006 panabweranso la Kgalagadi Relief Trust. Matumba awiriwa anakhazikitsidwa kuti azilipira amene anagwira pa migodi yakutiyakuti m'zaka zakutizakuti, komanso amene anadwala chifukwa chokhala pafupi ndi migodiyo. N'chifukwa chake dzina lenileni la mgodi wa bambo ndi zaka zake ndi chuma. "Kufupi ndi Kuruman" sikokwanira, migodi kumeneko inali yambiri.

Mwina mwamvanso za Tshiamiso Trust, ya R5 biliyoni yomwe khoti linavomereza mu 2019. Imeneyo ndi ya omwe anagwira migodi ya golide n'kudwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) kapena TB. Si ya asibesitosi. Ngati bambo anadutsanso pa mgodi wa golide, nenani, chifukwa ndi khomo lina. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, ndipo madobadoba amadyera pomwepo.

Ya fomuyo musalipire. Kulembetsa kudandaula kwa mtunduwu sikugulidwa, ndipo munthu woona sangakuuzeni tsiku lomwe ndalama zituluke asanaone n'komwe chithunzi cha chifuwa. Musawapatsenso chiphaso cha bambo kapena mapepala enieni. Ngati wina akufunika kuona, mupatseni fotokope. Mafunso anu apite ku ofesi ya leba pa boma, chifukwa nkhani za omwe anagwira ntchito ku migodi ya kunja zimadutsa ku unduna wa zantchito. Ngati pafunika loya ndipo ndalama mulibe, kuli a Legal Aid Bureau.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi chakuti bambo anapita pa selefu. Omwe anapita pa Theba mayina awo ndi manambala awo anasungidwa m'mabuku a TEBA, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Wa selefu umboni wake uli m'sutikesi mwake ndi m'mutu mwake. Tsegulani sutikesi ija. Funani pasipoti yakale yokhala ndi zidindo, kakhadi ka kuntchito, nambala yomwe ankawaitanira, tipepala tamalipiro, makalata omwe ankalembera mayi okhala ndi keyala ya mgodi, ngakhale chithunzi chojambulidwa pa komponi. Kenako khalani nawo pansi madzulo, muwafunse bwinobwino ndipo mwana wa sukulu azilemba: dzina la mgodi, tauni yapafupi, chaka chomwe analowa ndi chomwe anatuluka, ntchito yomwe ankagwira, anzawo a kuno kumudzi omwe anali nawo. Ngati mnzawo wina akadali moyo ku Mlangeni kapena ku Tsangano, ameneyo ndi mboni. Chitani izi akadali ndi mphamvu zoyankhula. Mkazi wamasiye ndi ana amaloledwa kudandaula mwini wake atapita, koma popanda umboni wa dokotala wolembedwa iye ali moyo, njira imakhala yolimba kwambiri.

Ndinenenso kwa owerenga ena omwe sanapite ku Joni. Mapulambala omwe ankadula mapaipi akale amadzi a asibesitosi, amakanika omwe ankauzira fumbi la mabuleki, amisiri ophwasula madenga akale, nonse muli m'gulu lomweli. Kuno kwathu kuli lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, ndipo wolembedwa ntchito amene wadwala chifukwa cha ntchitoyo amakadandaula kudzera ku ofesi ya leba. Malamulo otere amaika malire a nthawi, choncho dokotala akangotsimikiza matenda musagone. Koma lamuloli limafuna pakhale bwana amene anakulembani. Alongo anu, a Nachisale, amadzilemba okha ntchito. Akadzadwala patsogolo sipadzakhala womusumira, ndipo muwauze zimenezi mosabisa.

Bambo akajambulidwa ndipo dzina la mgodi likapezeka, mundilemberenso kuti tione khomo loyenera kugogoda.