Nsapato ya dzina pa simenti ya ku Nchalo

Mnyamata wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo. Wasunga ndalama za ganyu miyezi inayi, ndiye akufunsa ngati nsapato zodula za basiketibolo zimathandizadi pabwalo kapena timangogula dzina. Mphwanga, wandiponda pachilonda.

Ndili Fomu 3, mayi anagulitsa mbuzi ku Ngabu n'kundipatsa ya fizi. Ine ndinabenthulako, ulendo wa ku Limbe kukagula nsapato ya dzina. Potsika Thabwa m'minibasi ndinaifungatira ngati khanda. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo wakuno akudziwa mmene simenti imaotchera dzuwa likafika paliwombo, kutentha kutapyola madigiri 40. Masabata atatu okha guluu anasungunuka, nsapato n'kuyasamula ngati ng'ona ya mu Shire. Wosoka nsapato pansi pa mtengo wa nimu anangoseka, nati, "Aphwanga, iyitu ndi feki." Anaisoka ndi ulusi wa tayala, inakhala chaka. Mayi sindinawauze mpaka lero, ndipo azakhali amene amawerenga kuno chonde khalani chete.

Koma ngakhale yeniyeni si mankhwala. Mu February 2019 nsapato ya Nike inang'ambika kuphazi kwa wosewera wa ku America, Zion Williamson, masewera a matimu a mayunivesite a Duke ndi North Carolina atangoyamba, iye n'kuvulala bondo. Nsapato ya Air Jordan yoyamba inatuluka mu 1985 pa madola 65, ndipo anthu akuilimbiranabe lero pamtengo wokwera, chonsecho luso lake ndi lomwelo la kalekale. Akugula chiyani ngati si dzina la katswiri wa basiketibolo Michael Jordan? Wosewera wina, Stephon Marbury, mu 2006 anatulutsa nsapato ya Starbury ya madola osakwana 15, n'kumasewera nayo mu NBA momwemo, ligi yaikulu ya ku America.

Poyamba ndimafuna kunena kuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma ayi. Kwa ife a kuchigwa kuno ndi dzina basi. Zoona, nsapato yabwino imagwira pansi, imafewetsa potera ukadumpha, maondo amapumako. Koma zodulazo zambiri amazipangira mabwalo a matabwa a m'nyumba, labala yake ndi yofewa. Simenti yathu yafumbiyi imaipala ngati tupa. Ndipo zimandiwawa kuona ana akusewera ndi mapazi okhaokha pomwe mnzawo wavala Jordan ataima pambali kuopa kuidetsa. Nsapato yosungira ku tchalitchi!

Ndiye ugule iti?

Pita pakaunjika. Dina labala yapansi ndi chikhadabo, ikhale yolimba, mizere yake yakuya. Ipinde uone ngati guluu sakulekana. Uivale ndi masokosi ako osewerera, chidendene chisamatuluke, chala chachikulu chisagunde kutsogolo. Usanayambe kusewera nayo, kaisoketse kuzungulira konse, ndipo usamaiyanike padzuwa. Ndalama yotsalayo gula mpira, poti wa pabwalo lanu ndikudziwa kuti unatha kale timadontho.