Kodi fetereza wathu angadziwike akafika m'nyanja yamchere?

Aphunzitsi, mwafunsa ngati asayansi angazindikire fetereza wa m'minda ya kuno ku Chipata akafika m'nyanja yamchere, poti madzi athu amatsikira mu Luangwa, n'kulowa mu Zambezi, mpaka kukathira mu Indian Ocean ku Mozambique.

Choyamba amayesa kuchuluka kwa nitrate, mchere wa nayitrojeni umene umachokeranso ku fetereza. Ali pasitima amatsitsa pachingwe mabotolo a Niskin, amene amatsekeka akafika pakuya pamene akufuna. Madziwo amawasefa n'kuwaumitsa mufiriji. Ku labotale amawadutsitsa m'chitsulo cha cadmium kuti nitrate asanduke nitrite, mchere winanso wa nayitrojeni, kenako amathiramo mankhwala owasandutsa apinki, ndipo mtunduwo ukamaderapo ndiye kuti nitrate ndi wambiri. Pamwamba pa nyanja za kumadera otentha nitrate sapezeka kwenikweni chifukwa tizomera ting'onoting'ono timamumaliza, koma pansi pa Pacific amafika ma micromole 40 (muyeso waung'ono wa kuchuluka kwa mankhwala) pa kilogalamu ya madzi.

Muyeso umenewu sunena kumene nitrate wachokera, n'chifukwa chake amayesanso ma isotope, ndiko kuti mitundu ya nayitrojeni yosiyana kulemera. Nayitrojeni ilipo yopepuka, nitrogen-14, ndi yolemerako, nitrogen-15, imene mumpweya ndi 0.37 peresenti yokha. Potsata njira imene wasayansi Daniel Sigman ndi anzake anafalitsa mu 2001, madziwo amawapatsa mabakiteriya amene amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa nitrous oxide, ndipo mpweyawo amauyesa ndi makina a mass spectrometer, amene amasiyanitsa nayitrojeni yopepuka ndi yolemera. Fetereza wa kufakitale monga urea amakhala pafupi ndi 0 per mil (muyeso wa kuchuluka kwa nitrogen-15 poyerekeza ndi mumpweya) poti nayitrojeni yake amaitenga mumpweya, manyowa ndi zam'chimbudzi kawirikawiri zimapitirira 10, pamene nitrate wa pansi pa nyanja ali pafupifupi 5.

Komabe ndisakunamizeni, chizindikiro chimenechi sichikhalitsa. Zomera ndi mabakiteriya zimayamba kudya nayitrojeni yopepuka, motero yotsalayo imanka ilemera, monga zimachitikira mu Arabian Sea mmene okosijeni ndi wochepa. Madzi athu amayambanso aima m'damu la Cahora Bassa asanafike kunyanja. Ndiye m'nyanjamo muli Trichodesmium, kachilombo kotenga nayitrojeni mumpweya, kamene nambala yake imafanana ndi ya fetereza. Ine sindingauze ana a sukulu kuti thumba la D-compound lingalondoledwe mpaka kumeneko.

Ngati mukufuna ntchito yoti ana achite, ayese madzi a m'zitsime zoyandikana ndi madimba kapena zimbudzi, makamaka mvula ikayamba, n'kuyerekeza ndi malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mamiligalamu 50 a nitrate pa lita imodzi ya madzi akumwa.