Achinyamata Akuthawa Gulu la Kumpingo, Ndichite Chiyani?

FUNSO

Alangizi, ine ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala kufupi ndi Chitakale m'boma la Mulanje. Chaka chatha akuluampingo anandisankha kuti nditsogolere achinyamata a zaka 13 mpaka 19. Poyamba ankadzaza chipinda, koma pano amabwera owerengeka, makamaka atsikana a kwaya, pomwe anyamata Loweruka masana amakhala ku mpira kapena koonetsera mavidiyo. Makolo ena akuletsanso ana awo kubwera ku gululi, ati kumeneko n'kumene zibwenzi zimayambira. Phunziro ndimakonzekera mokhulupirika, nanga ndikuphonya pati?

Mayi wodandaula, Mulanje

YANKHO

Mayi, poyamba ndikufunseni: mukakumana, amalankhula nthawi yaitali ndani? Mwana wa Fomu 2 amamvetsera aphunzitsi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, Lamulungu amamvetsera abusa, ndiye Loweruka akapezanso wamkulu ataima kutsogolo kwa ola lathunthu, miyendo imamutengera ku bwalo la mpira, kumene amadziwa kuti akapanda kufika anzake amulondola kunyumba chifukwa palibe wina woima pagolo. Kumpira amafunika, pomwe kwa inu amangowerengedwa, ndipo ine ndikuona kuti vuto lalikulu lagona pamenepo.

Apatseni ntchito yeniyeni, yoti akaisiya iwonekere. Wina asunge kaundula ndi kukazonda amene sanabwere, wina asunge zopereka pamodzi ndi wamkulu mmodzi, ena akonze sewero, ndipo phunziro lenilenilo azitsogolera okha mosinthana, inu mutakonzekera nawo mkati mwa sabata. Adzachita chibwibwi, mwina adzaphonya vesi, koma musawalande mawu pakamwa pamaso pa anzawo. Pa Luka 2:46 timapeza Yesu ali ndi zaka 12 atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera komanso akufunsa mafunso, ndipo aphunzitsiwo sanamukhalitse chete. Ikani katoni pakhomo kuti aziponyamo mafunso osalemba dzina. Mudzadabwa kuona zimene zikuwadya mumtima: fizi, bambo opeza ankhanza, kusintha kwa thupi, zimene amaona pa foni, ngakhale kukayika ngati Mulungu amamvadi pemphero. Mafunso amenewo ndiwo akhale maziko a maphunziro anu.

Mpirawo musalimbane nawo. Pemphani bambo wodalirika wa mumpingo akhazikitse timu, atsikana akhale ndi ya ntchemberembaye, ndipo mawu a Mulungu azigawidwa mwachidule masewero asanayambe. Atulutseninso m'chipinda. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anasautsa kwambiri Mulanje ndi Phalombe, ndipo m'midzi yanu simungasowe agogo ofuna kuwafolerera denga kapena kuwatungira madzi, kapenanso malo ogumuka ofuna kudzalapo mitengo. Nyengo yachilimwe mungathe kukonza ulendo wa ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, bola akuluakulu oyang'anira akhale okwanira, chifukwa Dziwe la Nkhalamba, lomwe lili kumeneko, si malo osiyirako ana okha.

Ganiziraninso kalendala ya kwanuko. Nthawi yadzinja, pamene tiyi wachuluka m'maesiteti, makolo amalawirira kukathyola, ndipo ana okulirapo ndiwo amatsala ndi makanda, munda ndi mphika. Mwana wotere akajomba si kuti wabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro. Mayeso a JCE ndi MSCE akayandikira, fupikitsani msonkhano ndipo lolani kuti ena aziwerengera limodzi pa tchalitchi.

Nkhawa ya makolo musaipeputse, chifukwa ili ndi maziko. Ayendereni khomo ndi khomo, ndipo poti kumeneko mwinimbumba ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, amalume nawonso amve zimene mukuchita. Auzeni malamulo anu momveka: misonkhano imatha dzuwa lisanalowe, anyamata ali ndi mlangizi wamwamuna ndipo atsikana ali ndi wamkazi, komanso palibe mtsogoleri, ngakhale wolemekezeka chotani, wololedwa kukhala ndi mwana awiriwiri m'chipinda chotseka. Mapemphero ochezera usiku kwa ana a msinkhu umenewu ine sindiwalimbikitsa, pokhapokha makolo awo akhalepo.

Pali chinanso chimene muyenera kukonzekera, chifukwa ana akayamba kukukhulupirirani adzakuululirani zolemera. Kuyambira 2017 Malamulo Aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Mwana akakuuzani kuti wina akumuchita nkhanza kapena akumukakamiza ukwati, nkhaniyo musaithetsere m'bwalo la mpingo lokha poopa manyazi, koma pitani nayo ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, kapena imbani nambala yaulere ya 116. Mtsikana amene watenga pathupi musamufufute m'kaundula wanu. Mpingo udzatsata mwambo wake, koma inu pitirizani kumuyendera, ndipo mukambirane ndi makolo ake zoti akabereka adzabwerere kusukulu, pakuti ndondomeko ya Unduna wa Zamaphunziro imamulola kutero.