Funso la ku Ndirande: kodi Lucky Dube anamupha ndani?

Mnyamata wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Akuti bambo ake ikangofika October amakhalira kuliza Lucky Dube tsiku lonse, nthawi zina mpaka misozi, ndiye iye sakumvetsa kuti munthu wa ku South Africa angamamulire bwanji ngati wa pamtundu. Komanso anzake amuuza kuti mkuluyu anachita kuphedwa ndi boma kamba ka nyimbo zake, akufuna adziwe ngati zili zoona.

Achimwene, ndiyambe ndi za bomazo. Ayi, sizoona. Boma la azungu lija linalimbana naye ndithu, chimbale chake choyamba cha reggae, Rastas Never Die, chomwe chinatuluka mu 1984, anachiletsa mu 1985. Koma ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994 iye ali moyo, akuimbabe, akuzungulira dziko lonse. Anafa pa 18 October 2007 madzulo, ku Rosettenville mu Johannesburg, atapita kukatula ana ake awiri kunyumba kwa achibale. Mbava zinkafuna galimoto yake, Chrysler 300C, zinamuombera, iye anayesa kuthawa ndi galimotoyo koma sanapite patali anakagunda mtengo, basi nkuthera pompo. Anali ndi zaka 43 zokha. Mu 2009 khoti linapeza anthu atatu olakwa ndipo anawalamula kukhala kundende moyo wawo wonse.

Ndimamvetsa chifukwa chake anthu amafuna kuti pakhale chiwembu chachikulu. Mtima umakana kuti munthu ngati ameneyu, amene apolisi a tsankho anamulephera, angafere galimoto. Koma ndi zomwe zinachitika, ndipo mu khoti munamveka mawu amene ine mpaka lero amandidula m'mimba. Umboni unati anyamatawo sanamuzindikire, ankaganiza kuti ndi munthu wa ku Nigeria.

Tamvani bwino pamenepo achimwene. Ndiye kuti akanadziwa kuti ndi Lucky Dube mwina akanamusiya, koma poti amaona ngati ndi mlendo, anaona kuti palibe kanthu, mlendo ukhoza kumulanda, ukhoza kumuombera ana ake ali pafupi, ndani akamulire. Munthu amene moyo wake wonse ankaimba zoti mtundu wa anthu ndi umodzi, wakuda, mzungu, mwenye, anaphedwa ndi maganizo omwewo amene ankalimbana nawo, oti moyo wa wobwera ndi wotchipa. Ndipo ife a ku Malawi nkhani imeneyi sitingaimve ngati ya kutali, banja lake ndi liti mu Blantyre muno lopanda munthu ku Joni? Patangotha miyezi 7 chimwalirireni iye, mu May 2008, zipolowe zothamangitsa alendo zinabuka ku Alexandra nkufalikira madera ena, anthu oposa 60 anaphedwa, abale athu ambiri anabwerera pa mabasi ali chimanjamanja, katundu yense amene anamuvutikira zaka atasiya komweko. Mu 2015 zinachitikanso.

Tsopano za bambo anu. Inu mwakula nyimbo zili pa foni, mukafuna chilichonse mumangodina. Iwo anakula nthawi ya Kamuzu, wayilesi inali imodzi, MBC, TV kunalibe, ndipo pakamwa umayenera kusamala ngakhale uli ndi anzako, sumadziwa kuti akumvetsera ndani. Ndiye tangoganizani kaseti ikufika m'manja mwa mnyamata wa zaka 20, muli munthu wakuda mnzake wa kufupi konkuno akuimba poyera za ndende, za apolisi, za kuponderezedwa, m'Chingerezi chosavuta chimene ngakhale wolekeza Sitandade 8 amachitola. Kaseti imodzi inkazungulira mzere wonse wa nyumba, kuijambula pa ina, ikadyedwa ndi wayilesi kuikulunga ndi bolopeni. Pamene mabishopu a Katolika ankatulutsa kalata yawo ija mu 1992, kenako riferendamu ya 1993, nyimbo zimenezi zinali kale m'makutu mwa achinyamata. Sindikunena kuti Lucky Dube ndi amene anabweretsa matipate kuno, ayi, anthu athu anavutikira okha, ena anafa kumene. Koma anali nawo limodzi m'nyumba nthawi imeneyo, ndiye akamamulira akuliranso unyamata wawo ndi anzawo amene anamwalira kale.

Chinanso, sanali woimba zandale zokha. Ankaimba za mowa umene umapasula mabanja, za abambo othawa ana, za mwana wokula osamudziwa bambo ake, ndipo zinkamveka kuti munthuyu akuzidziwa chifukwa naye anakula movutika, anabadwira ku Ermelo mu 1964, makolo atasiyana kale, analeredwa kwambiri ndi agogo ake mayi ali kokagwira ntchito, ali mwana ankalima m'mabwalo a nyumba za anthu kuti apeze kangachepe. Anayamba ndi mbaqanga m'Chizulu, reggae inabwera pambuyo. Ndipo chimene achinyamata ambiri sakhulupirira ndikawauza, mkuluyu sankasuta chamba, fodya ayi, mowa ayi. Madiredi onse aja. Ndichifukwa ngakhale azimayi a mvano amene reggae ankaiona ngati ya osuta, za Lucky Dube amazilola kuti zilire pakhomo.

Ine chimene ndimadandaula ndi choti timamukumbukira ndi voliyumu basi. October akafika mabala a ku Chirimba, Bangwe, Zingwangwa onse ndi Lucky Dube, tikuimba nawo za mtendere, koma m'mawa mwake wina akangokuwa kuti wakuba pamsika, ndife tomwe tikutola miyala, ena akusaka tayala ndi petulo, osafunsa nkomwe kuti munthuyo waba chiyani kapena ngati wabadi. Ndipo tamverani m'mene timayankhulira za anzathu ochokera ku Burundi ndi Rwanda amene ali ndi mashopu m'makwalalamu. Pamene boma linkawatola kuwabwezera ku Dzaleka mu 2023 ena anaombera m'manja, anthu omwewo amene mchimwene wawo ali ku Durban opanda mapepala, akugona tulo ta mantha. Zimenezi zimandipweteka zedi, chifukwa anyamata a ku Rosettenville aja sanali zilombo zochokera kumwamba, anali anthu amene anazolowera kuganiza kuti pali anthu ena osawerengedwa.

Anzanu aja mwina asokoneza ndi nkhani ya kwathu konkuno. Evison Matafale wa ku Chileka, amene anayambitsa Black Missionaries, ndiye anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, atamangidwa kamba ka kalata yodzudzula boma la nthawi imeneyo. Imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kuilemba payokha, ndipo ndidzailemba. Chikumbutso chake chimachitika chaka ndi chaka ku Chileka chakumapeto kwa November, khamu la anthu limakhala losaneneka ndipo kuchoka ku Ndirande si patali. Muwapemphe bambo anuwo mupitire limodzi chaka chino, munjira muwafunse kaseti yawo yoyamba ya Lucky Dube anaipeza bwanji, akuuzani zambiri zimene ine sindingazilembe pano.